Msika wa alimi ukufuna pulani ya mbewu ndisanayambe kugulitsa: mafunso ndi mayankho kwa a Malawi amene tikulima ku America

Chaka chilichonse ikangofika January mumayamba kundifunsa za fomu ija misika ya alimi kuno imatumiza, ija amati crop plan, ife tingoti pulani ya mbewu. Ena mwabwereka kamunda kunja kwa tauni, ena muli ndi kadimba kuseli kwa nyumba ndipo mwaona kuti bonongwe akumera mochita kuonjeza nde mukufuna muzikagulitsako Loweruka. Ine kuyankha mmodzimmodzi pa WhatsApp usiku nditaweruka ndatopa nako abale, nde mafunso onse ndawaunjika pano.

Kodi pulani ya mbewu ndi chani kwenikweni?

Ndi pepala lomwe umauza akuluakulu a msika zimene ulime chaka chimenecho, pamalo okula bwanji, munda uli kuti, komanso miyezi imene ukuyembekeza kubwera nazo pa tebulo. Basi. Amene munakulira ku Kasungu, Dowa kapena Mchinji zisakudabwitseni, paja mlimi wa fodya sangodzuka n'kunyamula mabelo ulendo ku okushoni ku Kanengo, amayamba walembetsa ku Tobacco Commission n'kupatsidwa kota yake. Kusiyana kwake n'koti apa ndi tomato ndi anyezi, ndipo olandira fomu nthawi zambiri ndi manejala wa msika.

Munda ndi wanga, thukuta langa, iwo akufuna adziwe chifukwa chani?

Yankho lalifupi: mavenda. Misika yambiri ya alimi kuno ili ndi lamulo loti ugulitse zokhazo zimene walima wekha, ndipo ogula amalolera kulipira mtengo wokwera kuposa wa mu shopu chifukwa akukhulupirira kuti amene waima kuseli kwa tebuloyo ndi mwini munda. Nde pamene pali ndalama pamabweranso akathyali. Munthu amalawira ku msika wa hoselo, kuoda makatoni a tomato wochokera kutali, kumatula timasitika, kuthira mu dengu looneka lachimudzi, kuvala chipewa cha mlaza n'kumati ndathyola m'mawa uno.

Izi si nthano. Mu 2010 atolankhani a NBC ku Los Angeles anatsatira ogulitsa ena mobisa n'kupeza kuti katundu akumutenga ku ma warehouse, atapita ku minda imene anthuwo analembetsa anakapeza thengo ndi dothi louma. California inakhwimitsa lamulo mu 2014, ndalama imene tebulo lililonse limapereka ku boma pa tsiku la msika inakwera kuchoka pa masenti 60 kufika pa madola 2 kuti apeze zolipirira anthu oyendera minda, ndipo mlimi amayenera kuika chikwangwani chonena kuti zimene akugulitsa analima yekha. Ku Canada nako mu 2017 pulogalamu ya Marketplace ya CBC inagwira zofananazo ku Ontario, ku msika wa Peterborough, anthu akugulitsa zooda ngati zakumunda kwawo.

Nde pulani ija ndi ndodo yoyezera. Walemba mizere iwiri ya tomato koma sabata iliyonse ukutsitsa makatoni 30, manejala safunika kukhala mlangizi kuti aone kuti masamu sakugwirizana.

Koma kwathu kupikula tomato ku Lizulu kapena ku Bembeke n'kukagulitsa mtauni si mlandu, apa chavuta n'chani?

Si mlandu ndithu, ndipo amayi ambiri atiphunzitsa sukulu ndi geni yomweyo, ine sindinganyoze. Chavuta ndi bodza. Mayi wa mu msika wa Lilongwe sanena kuti tomatoyu ndalima ndekha, aliyense akudziwa kuti waoda. Apa msika wonse waima pa lonjezo loti palibe munthu wapakati. Wooda uja alibe chisanu chimene chimamuonongera mbewu, alibe mbozi, alibe msana wopweteka, katundu wake ndi wosalala chaka chonse ndipo akhoza kutsitsa mtengo mmene akufunira, mlimi weniweni wa tebulo loyandikana nalo amabwerera kunyumba ndi ndiwo zofota. Ngati mtima wanu uli pa kuoda, ilipo misika ina imene imalola zimenezo poyera, pitani kumeneko mwaulemu wanu.

Ndi lamulo la boma kapena la msika?

Zimatengera state imene muli. M'malo ambiri ndi lamulo la msika wokha, komiti inakhala pansi n'kugwirizana. Greenmarket ya ku New York City, imene inayamba mu 1976 ndi alimi 12 okha ndipo pano msika wake wotchuka uli pa Union Square, imayendera yogulitsa zolima wekha ndipo ili ndi anthu ake opita kukaona minda. Dane County Farmers' Market ku Madison, Wisconsin, yoyamba mu 1972, nayonso ndi ya olima okha.

Kwina boma limalowererapo. Ku California kuti ugulitse pa msika wovomerezeka umafunika Certified Producer's Certificate yochokera kwa agricultural commissioner wa county yako, pamalembedwa mbewu zako, kukula kwa malo ndi zimene ukuyembekeza kukolola, ndipo pepalalo umalipachika pa tebulo poonekera. Ku New York State ngati ukufuna kulandira makuponi a Farmers' Market Nutrition Program, aja boma limapatsa amayi a pa WIC (pulogalamu ya boma yothandiza amayi ndi ana aang'ono pa chakudya) ndi okalamba kuti akagulire ndiwo ndi zipatso, umapereka pulani ya mbewu ndipo umayenera kukhala kuti theka kapena kuposa la zimene ukugulitsa walima wekha. Makuponi amenewa musawapeputse, m'madera ena ndi amene amasuntha katundu pa tebulo.

Ndilembemo chani?

Mafomu amasiyana koma mafunso amazungulira pomwepomwe. Dzina la mbewu ndi mtundu wake, osangoti tomato, ena amafuna udziwike kuti ndi Roma kapena cherry. Malo amene mbewu iliyonse yatenga. Adiresi ya munda uliwonse, ngati uli ndi minda iwiri lemba yonse, ena amafunanso mapu, ojambula pamanja amalandira bola aoneke pamene pali geti ndi mabedi. Mwezi wofesa kapena wowokera, miyezi yokolola, ndi kuchuluka kumene ukuyembekeza. Ngati uli ndi greenhouse kapena tunnel ya pulasitiki nenani, chifukwa ndi imene idzakuikire kumbuyo ukadzabwera ndi tomato mu June anzako a pamtetete asanayambe kuthyola.

Amene mumapanga zinthu ngati tsabola wa m'botolo kapena ufa, zimenezo zili ndi malamulo akeake a zaukhondo, funsani padera musanaphike.

Ma row feet ndi chani? Ine ndimadziwa maekala ndi mizere

Ndi kutalika kwa mizere yonse ya mbewu imodzi ukaiphatikiza, mu mafiti. Fiti imodzi ndi pafupifupi masentimita 30, nde mzere wa mafiti 100 ndi mamita 30 ndi kanthu. Uli ndi mizere inayi ya repu ya mafiti 50 uliwonse, ulemba 200. Ekala imodzi ndi ma square feet 43,560, ndipo hekitala ndi pafupifupi maekala awiri ndi theka. Ambiri a ife sitifika ndi kota ya ekala yomwe nde ma row feet ndi amene amatiyenera. Polemera amagwiritsa mapaundi, paundi imodzi ndi yochepera pang'ono theka la kilo. Tengani tepi mukayeze, zoyeza ndi mapazi ngati tikudula malire kumudzi zidzakuchititsani manyazi tsiku loyendera.

Ndidziwa bwanji zimene ndikolole mbewu ndisanafese n'komwe? Ndine mneneri ine?

Funso ili limandiseketsa chifukwa nanenso ndinafunsa chimodzimodzi. Palibe amene akufuna ulosi. Akufuna nambala yoti munthu wodziwa ulimi akaiona anene kuti inde n'zotheka pa malo amenewa.

Chitani chonchi. Yambirani ku tebulo kubwerera kumunda. Tiyerekeze mukufuna kumagulitsa mitolo 40 ya bonongwe Loweruka lililonse kwa masabata 12, imeneyo ndi mitolo 480. Nde dzifunseni kuti bedi limodzi limakupatsani mitolo ingati pa kudula kumodzi, ndipo mumalidula kangati lisanayambe maluwa. Mukagawa mupeza mabedi amene mukufunika, muonjezerepo pang'ono pa za mbozi ndi agwape, paja kuno agwape ndi mbira zakutchire zimadya ngati zalipira lendi. Pa paketi ya mbewu pamalembedwa masiku amene imatenga kuti ikhwime, muwerenge kuchokera tsiku lofesa kapena lowokera, ndipo mudziwe nthawi imene chisanu chomaliza chimagwa kudera kwanu. Tomato amafesedwa m'nyumba masabata 6 mpaka 8 chisanu chomaliza chisanadutse kenako n'kuwokera, adyo amabzalidwa cha mu October n'kudzakumbidwa cha mu July chaka chinacho, nde ngati simunabzale chaka chatha musamulembe pa pulani ya chaka chino, amenewa ndi mabodza amene amagwidwa manejala asanadzuke n'komwe pampando.

Chaka choyamba mudzaphonya, aliyense amaphonya. Chachikulu gulani kope, muzilemba zimene mwadula ndi zimene mwagulitsa sabata iliyonse, chaka chachiwiri fomu idzangodzilemba yokha. Komanso state iliyonse ili ndi alangizi ake, amati Cooperative Extension, anakhazikitsidwa ndi lamulo la 1914 ndipo amagwira ntchito kudzera m'mayunivesite, ofesi zawo zili m'ma county ambiri. Ali ndi matebulo a masiku ofesera ndi zokolola za kudera kwanu, kufunsa n'kwaulere.

Ndilembe zochuluka kuti ndisadzapanikizike, kapena zochepa?

Pa mayina a mbewu, lembani chilichonse chimene muli ndi cholinga chenicheni chobzala, ngakhale kamzere kamodzi ka kambuzi, chifukwa misika yambiri siilola kuika pa tebulo chinthu chimene sichili pa pulani. Pa kuchuluka, nenani zoona. Kukuza nambala n'cholinga choti mudzabisemo zooda ndi kudzitchera msampha nokha, woyendera adzafika n'kufunsa kuti mafiti 600 a tsabola aja ali kuti. Komanso pali kuipa kwina kumene anthu saganizira: mukalemba mbewu 40 pamene mulima 12, manejala akhoza kukana mlimi wina poganiza kuti therere lilipo kale, mapeto ake msika ulibe therere ndipo mnzanu wasowa malo chifukwa cha inu.

Ndiwo zathu zakumudzi ndizilemba mayina ati? Bonongwe samudziwa

Apa ndi pamene tili ndi mwayi, nde ndikhalitsapo. Lembani dzina limene manejala angalipeze akafufuza, la kwathu mudzaliika pa chikwangwani cha pa tebulo. Bonongwe ndi amaranth, anthu a ku Jamaica amati callaloo ndipo amamufuna kwambiri. Nkhwani ndi pumpkin leaves, kholowa ndi sweet potato leaves, chitambe ndi cowpea leaves, therere lobala ndi okra. Denje ndi jute mallow, a ku Nigeria amati ewedu, a ku Egypt amati molokhia, mukalemba mayina onsewa pa kabolodi mudzaona anthu amene simunawaganizire akuima. Luni ndi spider plant, a ku Kenya akamuona amachita kukuwa. Chisoso ndi blackjack koma konzekani kufotokoza, kwa iwo ndi udzu wa m'munda.

Chinthu chimodzi chimene ambiri amalakwitsa: ngati mugulitsa nkhwani ndi maungu omwe, lembani zonse ziwiri padera, chimodzimodzi kholowa ndi mbatata. Ine chaka changa choyamba ndinangolemba maungu, nditabwera ndi mitolo ya nkhwani mu July wothandizira manejala anaima n'kumayang'ana fomu, kuyang'ana masamba, kuyang'ananso fomu, akuti izi sizili pa pulani yanu ndipo maungu sanafike nyengo yake. Zinatheka nditamuonetsa zithunzi za kumunda pa foni, koma ndinataya ola lathunthu la m'mawa pamene ogula amakhala ambiri.

Ndipo mudziwe kuti manejala akaona pulani yodzaza ndi tomato, zukini ndi letesi amayasamula, ali nazo kale khumi zotero. Akaona chimanga choyera chachiwisi chootcha, osati chotsekemera chawo chija, ndi masamba amene palibe wina akugulitsa, mwayi wanu wopeza malo umakwera. Chinangwa chokha amene muli kumpoto musadzivute, chimafuna miyezi yambiri yotentha kuposa imene muli nayo.

Mbewu ndingabweretse kuchokera kumudzi mu sutikesi?

Ayi achimwene, osangokulunga mu chitenje n'kukhala chete pa eyapoti. Mbewu zolowa mdziko muno zimayang'aniridwa ndi APHIS, nthambi ya USDA, unduna wa zaulimi wa kuno, pali chilolezo chake cha mbewu zochepa chimene umapempha pasadakhale ndipo mbewu zina saloleza n'komwe. Chilichonse chakumunda chimene wanyamula umayenera kuchinena pofika. Zambiri mwa ndiwo zathu mbewu zake zimagulitsidwa konkuno ndi makampani a mbewu, ndipo ubwino wake umakhala ndi lisiti, limene woyendera munda akhoza kulifunsa.

Adzabweradi kumunda kapena amangoopseza?

Misika ikuluikulu amabweradi, makamaka chaka choyamba kapena wina akadandaula za inu, ndipo odandaula nthawi zambiri ndi alimi anzanu a matebulo oyandikana, iwo amadziwa kuti kumadera ozizira mavwende sangapse mu May. Ing'onoing'ono yoyendetsedwa ndi anthu ongodzipereka mwina sadzabwera, koma fomu munasaina ija imawapatsa ufulu wobwera.

Akafika amanyamula pulani yanu m'manja n'kumayenda mzere ndi mzere. Amaona ngati mbewu zilipo, ngati kukula kwake kukugwirizana ndi zimene mwakhala mukubweretsa, ngati pali zizindikiro zoti pakhala pakukololedwa, zitsa za kabichi wodulidwa ndi umboni wabwino kuposa mawu. Ena amasuzumira mosungira katundu kuona ngati muli makatoni a makampani ena. Nde amene mumatola makatoni akale ku shopu kuti muzinyamulira, afufuteni mayina kapena muuzeni manejala zisanafike poipa. Munda kukhala ndi udzu si mlandu, sakubwera kudzapereka mamalikisi a kupalira.

Mbewu zikafa, kapena ndasintha maganizo pakati pa chaka?

Lembani imelo kwa manejala nthawi yomweyo, ndi chithunzi. Matalala, chiwawu pa tomato, madzi osefukira, zonsezi amazidziwa ndipo palibe amene amachotsedwa pa msika chifukwa mbewu zafa. Amene amachotsedwa ndi uja tomato wake wapserera yense koma Loweruka akubwerabe ndi tomato wonyezimira. Mukafuna kuonjezera mbewu yatsopano pemphani kusintha pulani musanabwere nayo, osati m'mawa wa msika galimoto itaima kale.

Mlamu wanga ali ndi mbatata zambiri, ndingamugulitsireko pa tebulo langa?

Funsani kaye, ndipo yankho likhale lolembedwa. Misika ina imakana kotheratu. Ina imalola gawo lochepa lochokera kwa mlimi wina wapafupi bola muike chikwangwani cha dzina la munda wake, ndipo nayenso akhoza kufunsidwa pulani yake. Ndikudziwa kuti kwa ife kukana mlamu n'kovuta, kwathu dengu limodzi limanyamula za banja lonse popita ku msika, koma mukagwidwa amene ataye malo ndi inu, mlamu ali phee kunyumba. Ngati mumalimadi limodzi munda umodzi, lembetsani mayina onse awiri poyamba pomwe.

Angandikane chifukwa ena analemba kale mbewu zomwezo?

Eya, ndipo iyi ndi ntchito yachiwiri ya pulani. Manejala amayala mafomu onse n'kuona kuti mu August aliyense adzakhala ndi tomato koma mu May ndi mu October matebulo adzakhala opanda kanthu. Nde akhoza kukulandirani koma n'kukuuzani kuti chakuti musabweretse, kapena kukuikani pa mndandanda wodikira. Ine pano maganizo anga ndi awiri. Mbali ina n'zomveka, matebulo asanu ndi atatu a zukini onse amabwerera ndi katundu. Koma mbali ina zimateteza akalekale, munthu amene wakhala pa msika zaka 20 safuna mpikisano ndipo mwina ali mu komiti momwemo, watsopano n'kumangouzidwa kuti dikira. Njira yozembera imene ndaona ikugwira ndi kulonjeza zimene zikusowa: masamba oyambirira a mu May, zinthu zosungika za kumapeto ngati mbatata ndi anyezi, ndi ndiwo zathu zija.

Sadzaulula pulani yanga kwa alimi ena?

Kawirikawiri imaonedwa ndi manejala ndi woyendera minda, koma m'misika imene komiti yake ndi alimi okhaokha funsani kuti amene amawerenga mafomu ndi ndani. Kunena zoona chinsinsi chake ndi cha miyezi yochepa, ikafika July aliyense akuona zimene zili pa tebulo lanu. Chimene sindilemba ine ndi kumene ndimagula mbewu ya mtundu wina wake, pokhapokha atafunsa.

Munda ndi wobwereka, kapena ndimalima ku community garden

Wobwereka palibe vuto, alimi ambiri ang'onoang'ono kuno alibe malo awoawo, koma khalani ndi pepala la mgwirizano losainidwa ndi mwini malo, zongogwirana chanza pa tchalitchi sizilowa mu faelo. Za community garden samalani, ambiri mwa minda imeneyi salola kugulitsa zimene walima mmenemo. Alipo mapulogalamu othandiza obwera kumene kupeza malo olima ndi misika, monga New Roots ya International Rescue Committee imene ili m'mizinda ingapo, ndipo amathandizanso kulemba mafomu omwewa.

Ine ndili ku UK, zikundikhudza?

Maganizo ake ndi omwewo. Msika wa alimi woyamba wa masiku ano kumeneko unatsegulidwa ku Bath mu 1997, wa ku London woyamba unali ku Islington mu 1999, ndipo misika yeniyeni imafuna kuti ugulitse zolima wekha komanso kuti munda ukhale mkati mwa mtunda umene iwo aika. Mudzafunsidwa mndandanda wa zimene mumalima ndipo akhoza kudzaona munda. Amene muli ndi allotment ya khansolo werengani mgwirizano wanu, nthawi zambiri ndi yolima zodya pakhomo osati za bizinesi.

Fomu imafunika liti, ndipo pali zinanso zoti ndikonzekere?

Misika yambiri ya m'chilimwe imatsegula mafomu pakati pa December ndi March, ukadikira kuti kunja kufunde wachedwa kale. Pamodzi ndi pulani ambiri amafuna inshuwalansi yoteteza ngati wogula wavulala kapena wadwala, kawirikawiri ya madola 1 miliyoni, musaope nambalayo, imeneyo ndi imene kampani ingalipire osati imene mupereke inu. Ngati mugulitsa poyeza, sikelo ikhale yovomerezeka pa malonda ndipo a Weights and Measures amaiyeza n'kumatapo sitika, ya kukhitchini ija ayi, n'chifukwa chake ambiri timangogulitsa pa mtolo ngati kwathu. Liwu loti organic musalilembe pa fomu kapena pa chikwangwani mwachisawawa, ndi liwu la lamulo, amene amagulitsa zoposa madola 5,000 pa chaka amafunika satifiketi, ndipo ngakhale ochepera pamenepo amayenera kutsata malamulo ake onse ndi kusunga marekodi. Ngati simuthira mankhwala ingonenani choncho m'mawu wamba. Fomu mukatumiza sungani kope lanu, limodzi mu foni lina mu galimoto, tsiku lina wothandizira watsopano adzakufunsani za nkhwani.